Dzino Limene Silinamerenso

Mundikhululukire polimba mtima kulemba, ine amene ndinayambira sukulu pansi pa mtengo wa mango. Koma fungo la tiyi wowira likandipeza m'mawa, lilime langa limathamangira lokha pa mpata umene uli kumanzere m'kamwa mwanga, ndipo ndimabwerera ku dzinja lija ndili mu Sitandade 2.

Tinkakhala m'malaini a esiteti, m'munsi mwa phiri, m'nyumba zamalata zogundana khoma ndi khoma. Inali nyengo imene tiyi amaphukira usiku ndi usana. Amayi ankanyamuka kusanayere, dengu kumsana, atadzikulunga pulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame, kuthamangira kuti akapitawo asawadule tsiku. Nthawi yophika phala panalibe. Ankandisiyira botolo la tiyi wopanda mkaka, wa shuga wochita kumata milomo, atalifunditsa chitenje chakale kuti lisazizire. Ndinkamwa pang'onopang'ono, panjira, pa buleki, pobwerera, mpaka dzuwa kupendeka. Njala sinkandipeza.

Teremu imeneyo kusukulu kunabwera amayi ena a zaumoyo atanyamula mano akuluakulu apulasitiki. Anatigawira miswachi, wanga unali wobiriwira, ndipo anati mwana wotsuka m'mawa ndi madzulo mano ake sabowoka. Ine ndinali mwana woopa kukhumudwitsa munthu. Mawuwo ndinawagwira ngati a m'tchalitchi. Ndinkatsuka pa mpopi wa pamalaini, kaya mvula ikugwa, kaya kuli nkhungu yoti phiri osalionanso. Mankhwala otsukira atatha ndinkatsuka ndi mchere. Mswachi ndinkausunga m'kachitini pawindo kuti mphemvu zisauyende. Anzanga akamaswa maswiti pa geti la sukulu ine ndinkayang'ana kumbali. Amayi ankanyadira kwa anzawo kuti, "Esinati wanga uyu, mano ngati mpunga."

Mvula ili pakati, dzino lam'kati lotafunira linayamba kulasa ndikamwa madzi ozizira. Ndinabisa. Ndinkati mwina sindikutsuka mokwanira, choncho ndinkakwecha mpaka malovu kufiira. Tsaya litatupa amayi anapempha tsiku kuntchito, tinakwera kabaza kupita kuchipatala.

M'chipindamo munkanunkha sipiriti. Chitseko chinali chosatseka, ndipo pabenchi panja panadzaza azimayi, ena a m'malaini mwathu momwe. Adokotala, bambo a magalasi ooneka otopa, anandiunika m'kamwa ndi katochi n'kupukusa mutu.

"Mayi, labowoka mpaka pansi ili. Amatsuka mwanayu?"

Ndinadikira mtima uli m'malo. Ndinkadziwa kuti amayi anena za mpopi, za mchere, za kachitini kaja.

Iwo anayang'ana kubenchi, kenako pansi. "Adokotala, ndi wosamva ameneyu. Ndimachita kutopa n'kumuuza. Iye maswiti basi."

"Wamva iwe?" anatero adokotala. "Udzakwatiwa ndi usinini wokhawokha."

Kubenchi kunamveka kuseka. Sindikanatha kuyankha, m'kamwa munali zala ndi thonje. Misozi inkatsikira m'makutu, adokotala n'kumayesa ndikuopa jakisoni. Dzino linagwera m'kambale kachitsulo, ngwee! Sanandipatse kuti ndikaliponye padenga monga tinkachitira ndi mano oguluka okha. Pobwerera, kabaza akukwera chitunda pakati pa minda ya tiyi, amayi anandigwira paphewa nati, "Usalire, limeranso." Zimenezonso ndinakhulupirira. Chaka chathunthu ndinkafufuza ndi lilime ndikangodzuka. Silinamere, poti linali kale dzino la ukulu.

M'mawa wotsatira ulendo wa kuchipatalawo botolo linali pamalo pake, lofunda, m'chitenje chomwe chija. Ndinamwa lonse. Panalibe amene anandiuza kuti choononga dzino chinali mmenemo. Mswachi ndinausiya m'kachitini masabata awiri, ndikuti nanga phindu lake n'chiyani, kenako ndinautenganso chifukwa cha mantha. Amayi ndinkangowayankha "eya" ndi "ayi" mpaka mvula inakata. Iwo za kuchipatala sanazitchulenso.

Ndinadzamva ndili ku sekondale kuti shuga womwera pang'onopang'ono tsiku lonse amadya dzino ngakhale la mwana wotsuka. Ndili wamng'ono ndinkangoona mayi amene anandinamizira kuti asachite manyazi. Lero ndimaonanso mayi amene analibe china chondisiyira koma botolo lija, amene anaopa kuti funso lotsatira likhala lakuti mwana amadya chiyani m'mawa, anzawo ali tcheru pakhomo. Kuzindikira zimenezi sikunatseke mpata uja. Ndinkafunabe kuti munthu mmodzi anene kuti ndinkatsuka.

Tsiku lina tili pakhonde, Tadala, mwana wa achemwali anga wa zaka zinayi, anatambasulira dzanja kapu yanga ya tiyi. Amayi anga anaikankhira kutali, namupatsa chinangwa chophika ndi madzi. Kaya za shugazo anazimva kusikelo kaya pawailesi, sindinafunse. Anapukuta manja pachitenje, ndipo osandiyang'ana anati, "Unkatsuka iwe. Ndinkakuona pampopi paja."

Linali Lamlungu la Pasaka, chaka chino, titangochokera kutchalitchi.