Tsiku Limene Ndinaipitsa Mbiri ya Apongozi

Ndinanyamuka ku Makuzi Lachinayi cha m'ma 7 koloko m'mawa, laputopu nditaikulunga m'chitenje ngati mwana wopita kusikelo. Ulendo unali wa ku boma, ku Nkhata Bay, ndipo wondituma anali apongozi anga, aNyaChirwa.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndimaphika pa loji ina kunyanja kuno, ndipo ndinakwatira Mtonga. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndi apongozi tinkangopatsana moni basi. Kunena zoona, ndinkawaopa. Atathyoka mwendo anabwera kudzakhala nafe, n'kundipeza ndikusewera gemu ya malupanga ndi zinjoka pa laputopu imene mlendo wina anandisiyira. Anati ndi zausatana. Patatha sabata ndinawapezerera akusewera okha.

Kasewero kawo kanali ka mayi wa Umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi. Msilikali wawo wa m'gemumo ankapereka moni kwa aliyense, sankalowa m'nyumba za eni asanaitanidwe, sankatsegula mabokosi a anthu ngakhale gemuyo imalola, ndipo Lamulungu ankapuma. Miyezi inayi yathunthu mbiri yake inalibe banga. Pa gemupo m'pamene apongozi anayamba kucheza nane ngati munthu. Atapha chinjoka chomaliza, gemu inati pali chigawo chowonjezera cha pachilumba, koma chofunika kudawunilodi pa intaneti. Netiweki ya ku Makuzi inalonjeza kumaliza pakatha masiku atatu.

"Ada, lutani ku boma mukachitenge," anatero apongozi, mosakaniza ndi Chitonga chawo. "Kweni msilikali wangu musamukhudze."

Wakabaza anandisiya pa Chintheche pa K1,000. Minibasi ya ku boma inali K3,500, ndipo kondakitala analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi. Munthu mmodziyo tinamudikira mpaka 8 koloko itadutsa, ndipo atafika anali anthu anayi ndi ndowa ya usipa. Ndowayo anaiika pamapazi anga. Mayi wina amene tinapanikizana naye anayang'ana mtolo wanga n'kufunsa chimene ndikukachita ku boma.

"Ndikukatengera apongozi chilumba," ndinayankha.

"Likoma?"

"Ayi, cha mu kompyuta."

Anapukusa mutu. "Apongozi a masiku ano! Ife timangopempha shuga ndi bulangeti."

Tinadutsa m'minda ya mitengo ya rabara, kenako pa Limphasa, pomwe dalaivala anaima kuti agule mpunga wa kunyumba kwake, ife tikupsa ndi dzuwa m'galimoto. Cha m'ma 10 koloko ndinali ndili m'kafe ya intaneti ya mayi wina wamagalasi, amene anandiuza kuti zanga zitenga maola atatu magetsi akakhala ndi ulemu. Ndinadikira ndi tchipisi cha pachiwaya ndi kabichi wambiri kuposa mbatata. Magetsi anachita ulemu, ndipo 1 koloko chilumba chinalowa chonse.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Ndinati ndingoyesa pang'ono, kuopa kubwerera ndi chinthu chosagwira ntchito. Ndinakweza msilikali wa apongozi m'ngalawa, tinafika pachilumba, tinalowa m'nyumba ya mfumukazi. Patebulo panali chikho cha golide. Tsono ine ndikamasewera ndekha ndimatola chilichonse, ngakhale masupuni. Chala chinadina chokha, mutu usanaganize. Belu linalira, alonda anatuluka mbali zonse, ndipo pakona panalembedwa kuti gemu yasunga zonse. Ndinayesa kubweza, zinakanika.

Mayi wamagalasi anasuzumira. "Achimwene, n'kagemu chabe. Mukawauze kuti ndi vayirasi."

"Simukuwadziwa," ndinatero.

Pobwerera ndinakhala kumpando wakumbuyo, ndikupeka mabodza. Pa Limphasa ndinali ndi bodza la vayirasi lija. M'minda ya rabara ndinaganiza zonamizira mayi wamagalasi. Pofika pa Chintheche onsewo anali atandithera, chifukwa ndinkangoona nkhope ya apongozi ikubwerera mwakale, moni wouma ndi kuyang'ana kumbali.

Ndinafika kunyumba 4 koloko itakwana. Ndinawapeza apongozi pakhonde, ndodo yawo ili pambali, akundidikira. Atayatsa gemu, khoma lililonse la pachilumba linali ndi chithunzi cha msilikali wawo, pansi pake atalemba kuti wakuba. Ndinagwada, n'kuulula zonse. Mkazi wanga anathawira kukhitchini, komwe ndinkamumva akulimbana ndi phwete.

"Chilango chake n'chiyani?" anafunsa apongozi.

Ndinawafotokozera kuti msilikali akhoza kuthawa, kapena kulowa m'ndende ya m'gemumo n'kuphwanya miyala kwa ola lathunthu, munthu akudina batani osaleka, kuti mlandu ufafanizike.

"Mwana wangu sathawa. Kweni wakuba ndinu, ada. Miyalayo muphwanya ndinu."

Anatsamira ndodo n'kuchoka osandiyang'ana. Ndinatsala ndekha, bambo wa ana atatu, ndikuphwanya miyala yosaoneka ndi chala chimodzi. Ulendo wa tsikulo unandiphunzitsa kuti chimene munthu wakusungitsa sichichepa, ngakhale chikhale cha m'gemu, ndipo ndinkaona kuti ndaphunzira mochedwa.

Patatha theka la ola ndinamva ndodo ikugogoda pasimenti. Apongozi anabwera ndi mbale yovundikira, kondowole ndi nsomba yowotcha ya batala, zophika ndi manja awo, mwendo uli wotero. Chikwatirire changa anali asanandiphikirepo. Anandithirira madzi osamba m'manja, nakokera mpando pafupi nane.

"Wandende timamuyendera," anatero. "Idyani ndi dzanja lamanjali, mwana wangu. Linalo lisaleke miyala."