Khadi ya a Elifala ndi Chipsera cha a Nowa

A Elifala, alamu anga, ajambula zithunzi pa Madisi zaka khumi ndi zisanu: maukwati, ubatizo, ana a sukulu. Kompyuta yawo inali yochedwa, inde, koma palibe anabwezapo chithunzi. Ndiye wina ku Lilongwe anawanong'oneza kuti wojambula weniweni amakhala ndi girafiki khadi, kachipangizo koika m'kompyuta kuti izikonza zithunzi mwachangu. Basitu, makina osokera a akazi awo, mkulu wanga Peggy, anagulitsidwa kuti khadiyo igulidwe.

"Alamu, anthu akuno amangofuna kudziona okha pa pepala," ndinawauza. "Zimenezo zikufuna khadi?"

"Inu mumadziwa za nyemba," anatero, poti ine ndimagulitsa nyemba pakhonde pawo. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunapole.

Khadi itabwera, munthu anapenga nayo. Kale kufufuta chiphuphu chimodzi kunkawatopetsa, n'kusiya. Tsopano nkhope yonse ankaisalaza asanameze n'komwe malovu.

Kenako anamwalira a Nowa, mkulu wa mpingo wa ku Bowe. Akazi awo, mayi Elizabeti, anatuma uthenga kuti akufuna chithunzi chachikulu chotsogolera bokosi. Chinalipo chimodzi chokha, chimene a Elifala anawajambula chaka chatha, ndipo chinali m'kompyutamo. A Nowa anali ndi magweru komanso chipsera cha khasu pachipumi. Alamu anga anati mkulu wa mpingo sangapite choncho. Chipsera fufute, makwinya fufute, mano mbee ngati a mwana wa sekondale!

Pamaliro, amayi a Mvano akuimba, mayi Elizabeti anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwandibweretsera ndani? Bala lija ndinkalitsuka ndine, ndi madzi amchere."

Anachitembenuzira pansi pa mkeka. Bokosi linapita kumanda popanda chithunzi.

Patatha sabata mayiwo anafika ku situdiyo wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Ine ndinali pakhonde ndi nyemba zanga zomwezo.

"Sindinabwere kudzakangana, bambo. Ndipatseni chakale chija, zidzukulu ziziwadziwa agogo awo."

A Elifala anafufuza, kufufuza, thukuta kamukamu. Chatsopano chija anali atachisunga pamwamba pa chakale, chakalecho n'kufufutika, ndipo m'kamera anali atafufuta kalekale. Khadi yokha ndiyo inkangolira, vuu, ngati chigayo chopanda chimanga.

"Musadandaule, mayi," anatero alamu anga, osachita n'komwe manyazi. "Makinawa ngachangu. Manowo ndiwachotsa pompano. Mungondikumbutsa, chipsera chija chinali mbali iti?"