Chibangili cha Kuchipatala

Amayi Tisungeni, otchola tiyi kwa Khwethemule, chibadwire sanavalepo ndolo kapena chibangili, poti mpingo wawo wopembedza Loweruka suloleza. Ndiye mtima utayamba kuwavuta, kuchipatala anawamanga kachipangizo pamkono, koti kaziuza foni ya anesi mmene mtimawo ukugundira.

Tsiku la Sabata litafika, mutu unawaima. Kameneka nkodzikongoletsera kapena ndi mankhwala? Nanga kakamagwira ntchito pa Sabata, wochimwa ndani?

Anakavula, nkukasiya pawindo, nkupita kutchalitchi.

Nyimbo ili mkati, anesi a Victoria analowa m'tchalitchi ali wefuwefu.

"Mayi inu, foni ikuti mwafa!"

"Ndiye akuimba panoyu ndi mzukwa?"

Atabwerera kunyumba, Amayi Tisungeni anakavalanso, koma atakakulunga ndi kansalu. Mpaka lero sadziwa amene akumubisira, kaya ndi abusa, kaya ndi Mulungu.