Anemoni wa Ambokile ndi Kamphika ka Dora

Aliyense ku Mwenilondo amene ali ndi windo lagalasi amamudziwa Ambokile Mwangosi, chifukwa galasilo anadula ndi iyeyo. Ndi munthu wamtali, wosaseka wamba, pensulo kukhutu, zala zipsera zokhazokha. Ukamupatsa moni amayamba wayang'ana mawindo ako kenako n'kuyankha.

Chaka cha chivomerezi chija, 2009, khoma la nyumba yake yoyamba linagwera pabedi, mbali yogona mkazi wake Dora. Mwayi wake Dora anali atatuluka kukakodzetsa mwana wawo woyamba, Carol. Masiku amenewo Karonga yense ankagona panja. Nthaka itakhazikika anthu anabwerera m'nyumba zawo, koma Dora ayi. Anayala mphasa m'kakhitchini ka bango ndi udzu kuseri, akuti denga la udzu likakugwera umangodzuka n'kusasa m'mutu.

Ambokile anati ndi nkhani yaing'ono imeneyo. Magalasi anali atasweka boma lonse, ntchito inamuchulukira, ndiye anamanga chinyumba china: njerwa zootcha, zitsulo kuzungulira, mawindo akuluakulu ngati a banki. Dora anaiyamikira nyumbayo. Ankaisesa, kuikolopa, kuikamo maluwa apulasitiki, koma dzuwa likalowa ankanyamula tochi yake ulendo wa kukhitchini. Ambokile nayenso liuma: ine ndimange nyumba yotere kuti ndizikagona ndi nkhuku? Zaka zinapita, Carol mpaka anafika ku sekondale. Ana ena awiri anabadwabe, za kumene makolo awo anakambirana musandifunse ine.

Koma tinene zoona, zinkamuwawa mwamunayu. Abusa anabwera kudzapempherera makoma, azakhali ake a Dora anabwera kuchokera ku Iponga kudzalangiza, onse anadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, n'kubwerera. Ambokile ankagona yekha pabedi lalikulu, ndipo chimene ankafuna pa dziko lino chinali chimodzi basi, mkazi wake agone m'nyumba.

Nzeru inachokera kwa Twaibu, Myao wa ku Mangochi wa sitolo ya zomangira paboma, amene amamubweretsera magalasi kuchokera ku Dar es Salaam. Tsiku lina akudikira katundu, Twaibu anamuonetsa pafoni kanema wa sitolo ina ya ku Dar yogulitsa nsomba za m'nyanja ya mchere. Tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje, mizere yoyera, tinkagudubuzika m'kati mwa chinthu chonga duwa.

"Tinsombato amati kilauni, che Mwangosi," anatero Twaibu. "Duwalo si duwa, ndi kanyama, dzina lake anemoni. Nsomba ina iliyonse ikayandikira kamaluma, koma kwa itito ndiye nyumba. Tikalowamo sitipitanso kutali."

"Timagona momwemo?"

"Mwamuna ndi mkazi, momwemo."

Ambokile anachotsa pensulo kukhutu n'kuibwezeranso, ndiye kuti nkhaniyo yamulowa. Dora ankakonda tinyama, ngakhale anapiye ankawayankhula. Ataika zimenezi pabalaza, madzulo azikhala pasofa n'kumaonerera, tsiku lina tulo tidzamuba pomwepo. Ndipo tinsombato tizimuonetsa chitsanzo.

Thanki anapanga yekha, galasi lokhuthala, silikoni womatira wosadontha ngakhale dontho. Twaibu anabweretsa thumba la mchere wake wapadera, miyala ya m'nyanja, kapampu, nyale yabuluu ndi batire la sola loti magetsi akazima zinthu zisaime. Anansi anabwera kudzaona misala. Nyanja ili apa, usipa mbwee, munthu akuitanitsa nsomba kunja zoti sadya! Mayi wina anati chibadwire sanaonepo munthu wothira mchere nsomba zili zamoyo. Ambokile anayang'ana windo la mayiyo patali, nati layamba mng'alu.

Tinsomba tinabwera pabasi, m'jumbo ya madzi, titadutsa pachipata cha Songwe ngati anthu. Anemoni yekha wogulitsa anakaniza, akuti thanki iyambe yakhwima kwa miyezi ingapo, madzi atsopano amamupha. Ndiye panali kudikira, ndipo kudikira kwake pa kutentha kwa Karonga. Mwezi wa Okutobala madzi ankafunda ngati tiyi wa mwana, Ambokile n'kumaba mabotolo oundana mufiriji ya mafilizesi a Dora kukaviika m'thanki. Dora ankaziona zonsezi. Madzulo ankakhaladi pasofa n'kumaonerera. Kenako ankati, "Mugone bwino, bambo a Carol," n'kutenga tochi.

Tsiku lina Ambokile pobwera kuntchito anapeza kamphika kadothi, kakang'ono kothyoka m'milomo, katagona cham'mbali pansi pa thanki. Tinsomba tonse tiwiri tinali m'katimo, timitu tokha panja.

"Ichi n'chiyani, mayi a Carol?"

"Tinalibe pobisala. Ndakatsuka bwinobwino."

Ambokile anati kakhale kongoyembekezera, nyumba yeniyeni ikubwera.

Tsiku losankha anemoni, Ambokile anavala malaya a kutchalitchi. Anakhala m'sitolo ya Twaibu, wogulitsa wa ku Dar akuwaonetsa pafoni mmodzimmodzi, Chiswahili chikamuthera Ambokile, Twaibu n'kumathandiza. Maso a Ambokile anagwera pa chachikulu kuposa onse, chobiriwira, chotambalala ngati kapeti.

"Chimenecho."

"Akuti chimenecho n'cha akatswiri, che Mwangosi. Chimafuna kuwala koopsa, ndipo chikakwiya chimadya nsomba."

"Nyumba kudya eni ake?"

"Zimachitika," anatero Twaibu, kenako anakumbukira amene akuyankhula naye n'kuyamba kukonza misomali pashelefu.

Wachiwiri anali wa zala zitalizitali, koma ankafuna mchenga wakuya wokwirira phazi lake, umene Ambokile analibe. Wachitatu anali wofiirira, nsonga za zala zake zotupa ngati mawere a mbuzi. Wogulitsa anati woyamba kumene atenge ameneyo, amapirira, munthu ukalakwitsa pang'ono amakukhululukira. Anangochenjeza chimodzi: anemoni amasankha yekha pokhala, ukamuika pamene sakufuna amayenda.

"Muuzeni ine ndaika mawindo m'maofesi a boma," anatero Ambokile. "Palibe linayendapo."

Anemoni atafika, Ambokile anamukhazika pamwamba pa mwala wapakati, kutsogolo, poyang'anana ndi sofa. Kutacha anamupeza kuseri kwa mwala, atayang'ana kukhoma. Anatembenuza mwalawo, mawa lake anemoni anali kuserinso. Zimenezo akanapirira. Chomupsetsa mtima chinali chakuti tinsomba sitinapiteko n'komwe kukaona. Nyumba yochokera ku Dar, yosankhidwa ndi malaya a kutchalitchi, ili apo ikugwedeza zala, eni ake ali phee m'kamphika kothyoka!

Loweruka lina anapinda malaya, napisa dzanja m'madzi n'kukachotsa kamphikako. Anati tinsombato tikasowa kolowera tidziwa tokha kwawo.

Sitinadziwe. Tinakaunjikana pakona, m'mwamba pafupi ndi kapampu, tikupuma mofulumira. Chakudya chinkatsika n'kutidutsa pamphuno. Pofika Lolemba kakakulu, kamene kanali kakakazi, kanali katayamba kufwifwa, ndipo Ambokile sanapite kuntchito. Dora anaima pambali pake atanyamula tsache.

"Mwatichotsera nyumba, bambo a Carol."

"Nyumba yake ndi iyo. Yabwino, yolimba, ndinasankha ndekha."

"Ndi yabwino, inde," anatero Dora. "Ngakhale ine ndikuiona kuti ndi yabwino. Ndipo nditapita kwathu ndikhoza kuwauza kuti palibe mwamuna anasankhirapo mkazi nyumba ngati imeneyo." Anasesa pang'ono pamene panali posesa kale. "Koma mtima ukamagunda, bambo a Carol, suona mawindo."

Anatuluka kukayanika mpunga. Ambokile anaimbira Twaibu, Twaibu anaimbira ku Dar, yankho linabwera lalifupi: zimachitika, tina timalowa pakapita nthawi, tina mpaka kufa osalowamo, ndipo kutikakamiza n'kutipha.

Anakhala pasofa nthawi yaitali, munthu wamkulu, akuyang'ana kansomba kochepa ngati chala chake kakunjenjemera pakona. Zaka zonsezi ankati Dora akunyoza nyumba yake. Tsiku limenelo ndi limene anaona koyamba mmene mantha amaonekera ukawayang'ana pafupi, ndipo anachita manyazi kwambiri. Anatenga kamphika pawindo pamene anakaika, nakatsuka, n'kukabwezera pamalo pake penipeni. Tinsomba tinalowa dzanja lake lisanatuluke m'madzi. Madzulo ake tinadya.

Mawa lake masana, dzuwa lili pamutu, anansi anaona Ambokile Mwangosi akutuluka m'chinyumba chake cha mawindo a banki atasenza matiresi. Anadutsa pabwalo, nkhuku zikuthawa, mpaka kukhitchini. Matiresi anakana kulowa pakhomo. Anawayeza ndi tepi, nayeza khomo, nawapinda pakati n'kuwakankha ndi bondo. Mayi wa windo la mng'alu uja anafunsa ngati m'nyumbamo mwalowa nsikidzi. Ambokile anati ayi, nyumbayo ili bwinobwino, mukugona anemoni.

Dora anamupeza ataima pakati pa kakhitchini, mutu utagunda udzu, akuyang'ana makoma a bango mmodzimmodzi. Anayang'ana matiresi, nayang'ana mwamuna wake, nakhala pampando wa ndalema n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akuti utsi, chonsecho moto unali usanakolezedwe.

"Muno mulibe windo," anatero Ambokile.

"Musayambe, bambo a Carol."

Ambokile anachotsa pensulo kukhutu, naiyang'ana, n'kuisomeka kudenga pamene Dora amasomeka mthiko.