Kaphiri ka Chimanga M'chigafa cha Fodya

Ndikamva fungo la fodya wouma, chimene chimandibwerera m'maso si minda kapena mabelo, koma njere za chimanga zitandandalikidwa pa dothi la m'chigafa chathu ku Kachebere, amalume a Gelevazio atagwada pambali pake ngati munthu amene wataya singano. Inali nyengo yosankha fodya, mvula itangosiya kumene. M'mawa wonse tinkakhala pa mphasa kupatula masamba ofiira, achikasu ndi ong'ambika, kumanga mindindi, zala zitada bii ndi utomoni, kukhosi kukuyabwa. Dzuwa likapendeka amayi ankatimasula, ndipo nthawi imeneyo inali ya amalume.

Iwo anali mlongo wawo wa amayi, ndipo anali atabwera kuchokera ku Chipata kumene ankakonza mawailesi, kudzathandiza ntchito ya fodya. M'thumba la malaya ankasunga madayisi awiri a ludo ndi kope lopindika. Masewera amene anatiphunzitsa sindinawaonepo kwina kulikonse m'mudzi mwathu. Aliyense ankasankha munthu woti akhale iyeyo m'nkhani, amalume n'kumafotokoza dziko lonse: mitsinje, mapanga, zilombo. Iwe unkangonena chimene munthu wako akufuna kuchita, kenaka n'kuponya madayisi. Nambala yophatikiza madayisi onse awiri ikakwana, zatheka. Ikapanda kukwana, zako zada. Ine ndinkachita mantha enieni, dzuwa likadali kuwala, chifukwa cha chilombo chimene chinali m'kamwa mwa amalume basi.

Tinalipo atatu. Mkulu wanga Yohane anasankha kukhala wankhondo wa mkondo, ine wa uta. Mlongo wathu wamng'ono Esinati anasankha kukhala mayi wofula uchi, woyenda ndi chipanda chodzaza njuchi. Esinati anali ndi chibwibwi chachikulu. Kusukulu sankayankha, kuchitsime sankalankhula, ndipo kunyumba akayamba mawu, Yohane ankamumalizira msangamsanga, mwina pomumvera chisoni, mwina potopa. M'chigafa muja ndi mokhamo mmene ankatsegula pakamwa mwa kufuna kwake, chifukwa popanda kunena chimene ukuchita sukanaponya madayisi.

Vuto linali pa ndewu. Lamulo la amalume linkati wobaya ndi mkondo kapena wolasa ndi uta afunika sikisi kapena kuposerapo, koma wofuna kuchita zaluso pakati pa nkhondo, monga kukwera mumtengo, kutchera msampha kapena kumasula njuchi, afunika teni, poti zimenezo n'zovuta. Zinkamveka zanzeru. Koma tsiku ndi tsiku ine ndi Yohane tinkagwetsa afisi ndi achifwamba, pamene Esinati ankavutika kutulutsa mawu ake mpaka thukuta, n'kuponya, n'kupeza seveni kapena eyiti, amalume n'kuti njuchi zakana kutuluka. Yohane anafika pomuuza kuti ataye chipandacho atole mkondo ngati anthu. Tsiku lachisanu Esinati anaika madayisi pansi mwaulemu, n'kupita kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Mawa lake sanabwere, ndipo mawu ake sanamvekenso pakhomo.

Ine ndinapita kwa amalume ndi nzeru zanga zachibwana, kuwapempha kuti azingomunamiza kuti wakwanitsa. “Mphwanga,” anatero, “mwana uja ndi wachibwibwi, si wopusa. Ukamupatsa chaulere adziwa, ndipo chimenecho chimupweteka kuposa kulephera.”

M'malo mwake anasesa pansi, nalemba ndi kamtengo manambala kuyambira thuu mpaka thwelofu, natituma kukatenga chimanga kuti titonole njere. Anayamba kuponya madayisi okha. Akaponya, ankaika njere imodzi pamwamba pa nambala imene yatuluka. Anaponya masana onse, mawa lakenso, mpaka amayi anadandaula kuti fodya akuumira m'manja mwa munthu wamkulu akusewera ndi chimanga. Iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo pang'onopang'ono tinaona chinthu chimene mpaka lero chimandiimitsa tsitsi. Njere zija sizinamwazike chisawawa monga ndinkayembekezera. Zinakwera pakati, pa seveni, n'kutsetsereka mbali zonse ziwiri, mpaka pa thuu ndi pa thwelofu panali tinjere towerengeka. Pa dothi panaima kaphiri, kofanana ndi mapiri amene tinkawaona tikatuluka pakhomo. Ine ndinkadziwa kuti mwayi ulibe mwini ndipo ulibe dongosolo, koma apa unali utagona pansi, uli ndi msana ndi mapewa.

Amalume anayala chikhatho kuyambira pa sikisi kupita kumtunda, ndipo pafupifupi phiri lonse linali la ine ndi Yohane. Anayala kuyambira pa teni, ndipo gawo la Esinati linali kamchira chabe. Kwathu amati wamkulu salakwa. Koma tsiku limenelo ndinaona munthu wa ndevu zake akupita kuseri kwa nkhokwe, kukanjuta pamaso pa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, n'kumuuza kuti wolakwa sanali iye kapena njuchi zake, koma iwo amene anaika nambala asanaiyese. Anamugwira dzanja kudzamuonetsa kaphiri kaja. Lamulo latsopano analinena tonse tikumva: chimene munthu wako amachidziwa, kaya ndi mkondo kaya ndi njuchi, chifuna seveni. Chimene sachidziwa chifuna naini. Ndipo ukaperewera ndi imodzi yokha, chinthucho chichitika ndithu, koma ulipira ndi thupi lako. Yohane anang'ung'udza kuti mkondo wake walemera, amalume n'kumuuza kuti unali wopepuka mopitirira muyeso kuyambira kale.

Ndewu yomaliza inali ndi njati ya nyanga zachitsulo imene inkatseka njira ya kuchigwa. Yohane anaponya faifi, mkondo n'kuthyoka. Ine ndinaponya foro, muvi n'kupita kutchire. Njati inatipanikiza pathanthwe, ndipo panatsala Esinati yekha. Ananena kuti akwera mumkuyu n'kuphwanyira chipanda pamutu pa njatiyo, ndipo kunena zimenezo kunamutengera nthawi. Anaponya. Dayisi imodzi inaima pa foro, inayo inagubuduka mpaka kutsamira mndindi wa fodya, n'kuonetsa thuu. Sikisi. Yoperewera ndi imodzi. Koma amalume anatseka kope lawo n'kunena kuti, “Zatheka, koma walipira. Tiuze wekha mmene zakhalira.”

Sindinama kuti chibwibwi chinatha tsiku limenelo. Sichinathe, ndipo ali nacho mpaka lero pamene akuphunzitsa ana kusukulu ina kufupi ndi Kapondo. Anakakamira pa liwu lililonse: mmene nthambi inathyokera, mmene mayi wa uchi anagwera n'kuthyoka mwendo, mmene njuchi zinalowera m'mphuno mwa njati mpaka inathawira kumtsinje ikulira. Pena ankaima mpaka tinkamva nkhunda padenga la chigafa. Ndinaona milomo ya Yohane ikugwedezeka, mawu ali kale kunsonga kwa lilime, kenaka anailuma n'kukhala chete.

Chigafa chija chinagwa kalekale, amalume anatisiya, ndipo madayisi aja sindidziwa kumene anathera. Koma ndikaona munthu akulephera mobwerezabwereza pamene anzake akudutsa mosavuta, sindifulumira kunena kuti ndi waulesi kapena watsoka. Ndimayamba ndafunsa kuti nambala yake anamuikira ndani, ndipo ngati anayamba wagwada pansi n'kuiyesa. Esinati anafotokoza nkhani ya njati ija kwa nthawi yokwana kumanga mindindi makumi awiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamumalizira mawu.