Khovani wa m'dimba la atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinabwerera kwathu kufupi ndi Mandimba, nkhondo itatha. Tinabwerera awiri, ine ndi amayi. Atate tinawasiya m'manda ku Malawi. Nyumba tinaipeza itagwa, koma dimba limene iwo ankalima kumtsinje linalipo, litakutidwa ndi khovani kuyambira pachitsime mpaka kunthochi. Khovani ndi udzu woyanga pansi, wamfundomfundo, wa timaluwa tooneka ngati thambo la m'mawa. Mfundo iliyonse ikangokhudza dothi imatulutsa mizu.

Amayi ankadwala chifuwa, khasu silinkatheka. Mvula itatha, amalume, eni mbumba, anabwera panjinga n'kuima pakhomo.

“Mlongo, dothi silidikira odwala,” anatero. “Anzathu akamawokera anyezi dimbali lili chonchi, ndiwapatsa alamu anga. Ali ndi ana aamuna.”

“Ndilima ine, amalume,” ndinayankha ndili chogwada. Iwo anaseka pang'ono, koma sanakane.

Ndinalima sabata yathunthu mpaka manja kuchita matuza. Kusukulu ku Malawi anatiphunzitsa kuti udzu wokwirira umawola n'kudyetsa nthaka. Choncho khovani yense ndinamudula tizidutswatizidutswa, n'kumukwirira bwinobwino m'mizere. Ndinapita kunyumba ndikuimba nyimbo za kutchalitchi. Patatha sabata ziwiri, dimba lonse linabiriwira kuposa kale. Ndinali nditamubzala ndi manja anga omwe.

Abiti Asani, mayi wachisilamu amene dimba lawo linagundana ndi lathu, anandipeza ndikulira pambali pa chitsime.

“Rozaria, mbewu yako yamera bwino zedi. Udzandigawireko ikacha,” anatero akutula ndowa. Ataona kuti sindikuseka, anakhala pansi. “Mwanangu, uyu khasu ndi bwenzi lake. Ukamudula kakhumi, wamubereka kakhumi. Taya khasulo, tenga kamtengo.”

Anandionetsa mmene amachitira. Umathira madzi kuti dothi lifewe, n'kuyamba kutukula mpesa umodzi wa khovaniyo ndi kamtengo, zala zikutsatira mfundo ndi mfundo mpaka pothera, osakoka mwamphamvu kuti ungaduke. Kenaka analoza thanthwe lalikulu limene linali kumtunda kwa madimba.

“Ukamuyanike apo, ndipo uzimutembenuza tsiku lililonse. Pa dothi usamusiye, ngakhale pa chulu. Amadziwa kunamizira kufa ameneyu.”

Ntchito imeneyo inanditengera sabata zitatu, ndikukwawa ndi mawondo. Ndimakumbukirabe matope ozizira a m'mawa, madzi oterera a khovani m'zala, ndi kutentha kwa thanthwe kumapazi ndikamakhuthula dengu. Lamulungu lina akatekisita anatiwerengera za mbewu imene inagwa pamwala n'kufota posowa pozika mizu. Anzanga anamvera chisoni mbewuyo. Ine mumtima ndinayamika, poona kuti Mulungu analenganso mwala ndi ntchito yake.

Tsiku limene amalume anabweranso, anali ndi alamu awo aja. Amayi anafika pang'onopang'ono atatsamira ndodo. Amalume anayenda mzere ndi mzere akufukula dothi ndi chala cha kuphazi. Atafika pafupi ndi nthochi anawerama, n'kutola kamfundo kamodzi kali ndi timizu toyera. Anakakweza kuti aliyense akaone. Ine ndinkadziwa kuti kameneko kokha kangathe kudzazanso dimba.

Sindinawiringule. Ndinatambasula manja onse awiri, iwo n'kundiikira kamfundoko. Ndinakwera nako kuthanthwe onse akuyang'ana, ndinakaika pa mulu wa khovani wouma uja, n'kubwerera kudzagwada pamene anakatola, kufunafuna ngati panatsala kena.

Amalume anatembenuza njinga.

“Alamu, tiyeni tikaone kwina,” anatero. “Kuno kuli mwini wake.”

Amayi anandigwira pamutu. Abiti Asani anatipatsa mbande za anyezi zodzaza lichero, akuti zinawatsalira, ngakhale ndikudziwa kuti sizinatsale.

Lero ndimakhala ku Cuamba, ndipo dimbalo akulima ndi mwana wanga wamkazi. Zaka zandiphunzitsa kuti mumtima mumameranso khovani. Mkwiyo kapena kaduka ukangokadula n'kukakwirira kuti anthu asaone, kamamera kochuluka. Pafunika kugwada, kukatsatira mpaka pamene kanayambira, n'kukatulutsira poyera pamaso pa Ambuye. Sindinamalize ntchito imeneyo, ndipo wina akandionetsa kamfundo kotsala ndimayesetsa kulandira ndi manja awiri. Koma ndikapita kwathu n'kuona anyezi ataima m'mizere ya atate, sindibisa kunyada kwanga. Dimba lija ndinalisunga ine, ndi kamtengo ndi mawondo awiriwa.