Chitini cha masamba a bambo

Bambo anga samwa tiyi wamba. Anathyola masamba m'minda ya ku Mulanje mpaka msana kupindika, ndiye pa nkhani ya tiyi safuna kuphunzitsidwa. Masamba awo ndi a mtundu umodzi basi, ndipo amakhala m'chitini chakale chofufutika zilembo, pamwamba pa kabati kwathu ku Nazombe.

Wodzaza chitinicho ndine. Ulendo wina masambawo atasowa m'magolosale a paboma, ndinangogula opima pamsika n'kuthiramo iwo ali kumunda. Anamwa, natsinzina, n'kunena kuti, "Awa ndiye masamba." Enieniwo anabwerera m'magolosale kalekale, koma ine ndine wouma manja, ndimangothirabe opima.

Chipani chawonso n'chimodzi, ngati masamba. Chipewa chake amachivala ngakhale popalira chinangwa. Chisankho chitayandikira, tinakhala pakhonde tikumwa tiyi, iwo n'kuyamba kutamanda anthu awo. Ine mtima wanga ndi wapachala.

"Bambo, chipani chanucho chatsala dzina lokha," ndinatero. "Amene munkawadziwa aja anachoka, muli ena. Inu mukuvotera chitini, zam'kati simukuziona."

Mawuwo atangotuluka, manyazi anandigwira. Pa zinthu zonse za pansi pano, ndinasankhiranji chitini?

Bambo anangoseka. "Iwe sukulu inakupusitsa. Chinthu chikasintha ine ndimadziwa, lilime ili silinamizidwa." Anakweza kapu yawo. "Tiyi uyu utandisinthira, ndingakuuze tsiku lomwelo. Koma iwe sungatero, ndiwe mwana wanga."

Mpata woulula unali womwewo, ndipo mkangano ndikanapambana. Koma minda ija inawadya msana n'kuwasiyira lilime lokha loti azinyadira. Ndikanawalandanso limenelo? Ndinangowaonjezera tiyi. Anakavota komwe amavota, ine kwanga, ndipo sindingalumbire kuti ineyo ndinasuzumira m'chitini changa.

Nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima. Sabata yatha ndinati ndikonze zinthu mwakachetechete. Ndinagula masamba enieni aja, opima ndinataya kudzala, chitini ndinachitsuka bwinobwino n'kudzaza.

M'mawa mwake anapsontha kamodzi, nakwinya nkhope, n'kuika kapu pansi.

"Awa wawatenga kuti?" anandifunsa. "Akubera, mwana wanga. Kandigulire anga aja."